Kusankha Makamera a CCTV pa Bizinesi Yaing'ono: Zoyenera Kuchita Musanatulutse Ndalama

Makamera ambiri a m'magolosale ndi m'mashopu amakhumudwitsa eni ake pa tsiku lomwe akufunika kwambiri. Akuba athyola usiku, m'mawa mwini sitolo akhala pansi kuti aone kanema, ndipo apeza chimodzi mwa zinthu zitatu. Mwina munthu akuoneka koma nkhope yake ndi chimbuuzi chokhachokha. Mwina magetsi anazima cha m'ma 11 koloko ndipo makina sanajambule kanthu. Kapenanso bokosi losunga kanema lapita pamodzi ndi katundu. Malangizo awa akonzedwa kuti zitatuzi zisakuchitikireni. Tigwiritsa ntchito chitsanzo cha sitolo ya mamita 6 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, yokhala ndi khomo lakutsogolo, kauntala, chipinda chosungira katundu ndi khomo lakumbuyo. Kaya muli ndi famase, saluni, shopu ya zipangizo zomangira kapena malo odyera, kawerengedwe kake n'kamodzi.

Choyamba: pepala ndi cholembera, kugula kubwere pambuyo

Jambulani sitolo yanu papepala. Ikanipo makomo onse, mazenera, kauntala, dirowa ya ndalama, mashelefu a katundu wodula, ndi njira yomwe katundu amalowera kuchokera pa galimoto. Lembani miyeso ya mamita, chifukwa wogulitsa akakufunsani kutalika kwa mawaya mudzafunika nambala yeniyeni.

Pa malo aliwonse lembanipo funso lomwe kamera iyenera kuyankha. Pakhomo lakutsogolo funso ndi lakuti walowa ndani. Pakauntala, ndi ndalama zingati zomwe zaperekedwa ndipo zalowa kuti. M'kati mwa sitolo, katundu uja anachotsedwa ndi yani pashelefu. Kumbuyo, kodi chitseko chinatsegulidwa nthawi yanji. Funso lililonse limafuna kamera yakeyake, ndipo kamera imodzi yoikidwa pakona kuti "ione zonse" siyankha ngakhale limodzi. Mu sitolo yathu yachitsanzo makamera anayi kapena asanu ndi okwanira: ya pakhomo, ya pakauntala, ya m'kati, ya khomo lakumbuyo, ndi ya pakhonde ngati pamaima magalimoto kapena njinga za makasitomala.

Musaiwale kuti katundu wambiri m'mabizinesi ang'onoang'ono satayika usiku ayi. Amatayika masana, pang'onopang'ono, pakauntala ndi pakhomo lakumbuyo. Ndalama zikachepa, yambani ndi makamera awiri amenewa pamodzi ndi ya pakhomo, zinazo mudzawonjezera.

Chachiwiri: kuti nkhope ioneke

Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, choncho tichedwepo. Chithunzi cha kamera chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Kamera ya 2MP ili ndi timadontho 1920 m'lifupi, ya 4MP ili ndi pafupifupi 2560. Timadonthoti timagawidwa pa malo onse omwe kamera ikuona. Ikamaona malo otambalala, munthu aliyense amapeza timadontho tochepa, ndipo mukakulitsa chithunzi mumangoona mabokosimabokosi.

Muyezo wa IEC 62676-4 wa 2014, womwe opanga makamera amatsatira, umati pamafunika timadontho 250 pa mita imodzi kuti munthu wachilendo azindikirike bwinobwino, 125 kuti muzindikire munthu yemwe mumamudziwa kale, ndi 25 kuti mungodziwa kuti padutsa munthu. Gawani 1920 ndi 250, mupeza mamita 7.7. Kutanthauza kuti kamera ya 2MP ikamaona malo otambalala kuposa mamita 7 kapena 8, nkhope ya mlendo siidzathandiza apolisi. Ya 4MP imafika mamita 10.

Kutambalala kwa malo kumadalira lenzi, lomwe ndi diso la kamera. Lenzi ya 2.8mm imaona mbali yaikulu, madigiri opitirira pang'ono 100, ndiye ndi yabwino m'kati mwa sitolo, koma pa kamera ya 2MP nkhope imazindikirika pokhapokha munthu ali pa mamita 3 kapena 4. Ya 4mm imaona madigiri 80 mpaka 90 ndipo imafika cha m'ma mamita 5. Ya 6mm ndi yopapatiza, madigiri 50 ndi chakuti, koma imakoka nkhope pa mamita 8, choncho imayenera pa geti kapena m'kanjira kopapatiza. Papepala la kamera zodziwika bwino pamakhala mzere wolembedwa DORI. Nambala ya pa chilembo I ndiyo mtunda womwe nkhope imazindikirika. Muzifunsa nambala imeneyi, osati "mamita 30" olembedwa pabokosi, omwe amangonena pomwe kuwala kwa usiku kumathera.

Kutalika kwa pomwe mwaika kamera kumathanso kuononga zonse. Oika makamera ambiri amakonda kukweza pamwamba kwambiri kuti isabedwe, ndipo zotsatira zake n'zakuti mumajambula zipewa ndi mitu. Kamera ya pakhomo ikhale pa mamita 2.2 mpaka 2.5 kuchokera pansi, isapendekeke kwambiri, iyang'ane munthu kumaso pamene akulowa kapena kutuluka. Ya pakauntala ikhale pamwamba cha kumbali, ione manja a wogulitsa, dirowa ndi nkhope ya kasitomala. Kuti ndalama za mapepala zisiyanitsidwe, K5,000 ndi K500 mwachitsanzo, ikhale ya 4MP ndipo isatalikire kuposa mamita 2 kapena 3. Ngati pamalopo pali Airtel Money, TNM Mpamba kapena makina olipirira ndi khadi ya kubanki, pendeketsani kamera kuti isaone zala za kasitomala akamalemba nambala yachinsinsi.

Chenjezo lina pogula: makina ena otchipa osunga kanema amalembedwa 1080N kapena "5MP Lite". 1080N imasunga timadontho 960 m'lifupi, theka la 1920. Kamera ikhoza kukhala yabwino koma chosungidwa n'kukhala chochepa. Funsani kuti makinawo amasunga mapikiselo angati pa kamera iliyonse pamene zonse zikujambula nthawi imodzi.

Chachitatu: dzuwa la masana ndi mdima wa usiku

Kamera ya m'kati yoyang'ana pakhomo imalimbana ndi kuwala kwa panja. Popanda chithandizo, wolowa amaoneka ngati chithunzithunzi chakuda. Pamalo otere gulani kamera yolembedwa WDR 120 dB. Yolembedwa DWDR ndi yongokometsera chabe, siithetsa vutoli. Mukaika, lowani m'makonzedwe ake n'kuyatsa WDR, chifukwa nthawi zambiri imabwera yozimitsa.

Usiku pali mitundu iwiri. Makamera a infrared amaunikira ndi kuwala kosaoneka ndi maso ndipo chithunzi chimakhala chakuda ndi choyera. Ena, monga ColorVu a Hikvision ndi Full-color a Dahua, amasunga mitundu usiku ngati pali kuwala pang'ono, kapena amayatsa kanyali kawo koyera. Mtundu wa malaya kapena wa galimoto ndi umboni wothandiza, choncho panja amtundu wachiwiriwu ndi abwino. Vuto lake ndi tizilombo. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimaunjikana pa nyali, akangaude amatsatira, ndipo ulusi umodzi wa kangaude patsogolo pa lenzi umayeretsa chithunzi chonse usiku. Njira yabwino ndi kuika babu la LED lapadera mita imodzi kapena awiri kutali ndi kamera, n'kuzimitsa kanyali ka kamerayo. Tizilombo timapita ku babu.

Kamera ya infrared isaikidwe kuseri kwa galasi la zenera, kapena pafupi kwambiri ndi khoma loyera, malata kapena zitsulo za pazenera. Kuwala kumabwerera m'diso lake ndipo kutsogolo kumada bii. Pa chifukwa chomwecho, panja pewani makamera okhala ndi chivindikiro chagalasi chozungulira ngati mbale. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala likamatirira pa galasilo, usiku mumaona chifunga. Amtundu wa turret, ooneka ngati diso lopanda chivindikiro, kapena a bullet, aataliwo, savuta chotere. Ya panja ikhale ndi chizindikiro cha IP66 kapena IP67 kuti fumbi ndi mvula zisalowe. Pomwe anthu angaifikire ndi ndodo, funani yolembedwa IK10.

Pali chinyengo china cha usiku. Kamera imatha kuonetsa khonde lowala bwino pamene palibe chikuyenda, koma munthu akadutsa amaoneka ngati utsi. Izi zimachitika chifukwa kamera imachedwetsa shutter, yomwe ndi nthawi yomwe diso lake limakhala lotsegula pa chithunzi chilichonse, kuti itole kuwala kokwanira. Ikani shutter pa 1/50 kapena 1/100, ndipo chithunzi chikada onjezani babu. Sankhaninso 50Hz m'makonzedwe, mogwirizana ndi magetsi athu, kuti chithunzi chisamaphethire pansi pa mababu.

Chachinayi: DVR, NVR kapena Wi-Fi

DVR ndi NVR ndi mitundu iwiri ya makina osunga kanema. DVR imagwira ntchito ndi makamera a analogi, omwe amatumiza chithunzi pa waya wa coaxial wa RG59, ndipo kamera iliyonse imafuna magetsi ake a 12V. Ndi yotsika mtengo, amisiri ambiri amaidziwa, ndipo waya wabwino wa kopa umafika mamita 200 mpaka 300. NVR imagwira ndi makamera a IP, pa waya wa netiweki wa Cat5e kapena Cat6. Ikakhala ya PoE, waya umodzi womwewo umanyamula chithunzi ndi magetsi, mpaka mamita 100. Chithunzi chimakhala chakuthwa, mawaya amachepa, ndipo magetsi onse amachokera malo amodzi, zomwe zimapeputsa nkhani ya batire.

Pa nyumba yomwe mulibe mawaya akale, NVR ya PoE ndiyo yoyenera ngati thumba likulola. Ngati m'nyumbamo muli kale mawaya a coaxial abwino, kapena ndalama ndi zochepa, DVR yokhala ndi makamera a 2MP enieni igwira ntchito, bola lenzi ndi malo zasankhidwa bwino. Mulimonsemo, ngati mukufuna makamera anayi gulani makina a matchanelo 8, olandira makamera asanu ndi atatu. Kusiyana kwa mtengo n'kochepa poyerekeza ndi kugula makina ena chaka chamawa. Makamera ndi makina zikhale za kampani imodzi. Muyezo wa ONVIF umalola kusakaniza, koma zinthu monga kusiyanitsa munthu ndi galu kapena nthambi yogwedezeka ndi mphepo nthawi zambiri zimasiya kugwira.

Makamera a Wi-Fi monga Tapo ndi EZVIZ ali ndi malo ake. Pa okala kapena kasaluni ka chipinda chimodzi, kamera imodzi yotere ndi yabwino kuposa kukhala opanda. Koma dziwani kuti imafunabe magetsi, makoma a njerwa ndi zitseko zachitsulo zimafooketsa netiweki, ndipo kanema amasungidwa pa memory card m'kamera momwemo, moti wakuba akaizula wanyamula ndi umboni. Ikani khadi yolembedwa High Endurance, chifukwa makhadi wamba a m'mafoni amafa msanga akamalembedwa usana ndi usiku.

Chachisanu: hard disk ndi masiku osunga

Makina ambiri amagulitsidwa opanda hard disk, choncho funsani. Musalole kuikiridwa ya mu kompyuta yakale. Gulani yopangidwira makamera, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk, yatsopano, ndipo nambala yake ilembedwe pa risiti.

Kukula kwake muwerengere nokha. Kamera yotumiza 1 Mbps imadya 10.8GB pa tsiku. Kamera ya 2MP pa H.265, njira yopanikizira kanema kuti asadye malo ambiri, imayenda bwino pa 2 Mbps, ndiye 21.6GB pa tsiku. Makamera anayi otere adya 86GB pa tsiku, ndipo disk ya 2TB isunga masiku pafupifupi 23 isanayambe kufufuta zakale. Makamera a 4MP pa 4 Mbps amadya kawiri, choncho anayi amafuna 4TB pa masiku omwewo.

Masiku angati ndi okwanira? Funso ndi lakuti mumawerengera katundu patapita nthawi yotani. Ngati sitoko mumawerenga kumapeto kwa mwezi, kanema wa masiku 7 alibe phindu, chifukwa pomwe mukuzindikira kuti makatoni a mafuta ophikira akusowa, umboni unafufutika kale. Yesetsani kufika masiku 30. Kuti mukwanitse, onetsetsani kuti makina ali pa H.265 osati H.264, yomwe imadya malo pafupifupi kawiri. Ikani mafelemu (zithunzi) 15 pa sekondi m'malo mwa 25. Makamera a pakhomo ndi pakauntala azijambula osalekeza, koma ya m'chipinda chosungira katundu, ngati mwaikamo, ikhoza kujambula pokhapokha china chikayenda, ndipo muiike kuti izisunganso masekondi 5 mpaka 10 a m'mbuyo mwake.

Chachisanu ndi chimodzi: magetsi

Aliyense wochita bizinesi ku Malawi kapena ku Zambia amadziwa kuti magetsi a ESCOM kapena ZESCO amatha kuzima maola angapo, ndipo akuba nawo amadziwa. Makamera opanda batire ndi mlonda wogona. Ndalama ya batire muiwerengere pa mtengo wa makamera kuyambira pachiyambi.

Werengerani motere. Kamera imodzi imadya mawati 5 mpaka 8 usiku. NVR ndi disk yake, mawati 15 kapena kuposerapo pang'ono. Rauta, mawati 10. Makamera anayi pamodzi ndi zonsezi ndi mawati pafupifupi 60, sikirini itazimitsidwa. UPS (kabokosi kosunga magetsi) yaing'ono ya 650VA, yomwe ogulitsa ambiri amaika pa kotesheni, ili ndi batire la 12V 7Ah, ndipo pa katundu wotere siifika ola limodzi. Imathandiza pa kuphethira kwa magetsi basi.

Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200Wh. Likakhala la lead kapena gel, mugwiritse theka lokha kuti lisafe msanga, ndiye 600Wh, ndipo invata ikadyapo gawo lake mutsala ndi pafupifupi 500Wh. Gawani ndi 60, mupeza maola 8. Kuti mudutse usiku wonse wa maola 12 pamafunika la 150Ah, kapena la lithium la LiFePO4 la 100Ah, lomwe limalola kugwiritsa ntchito magawo 80 pa 100 kapena kuposa. Batire la galimoto silinapangidwire ntchitoyi ndipo limatha m'miyezi yochepa. Onaninso mphamvu ya chaja. Ya 10A imafuna maola 6 kapena kuposa kuti ibwezere theka la batire la 100Ah, moti magetsi akamabwera kwa nthawi yochepa batire limayamba usiku lili losadzaza. Pamenepo sola ndiyo imapulumutsa.

Pa invata ya makamera pasalumikizidwe filiji, ketulo kapena mafoni a antchito. Ikhale ya makamera ndi rauta zokha, ndi babu limodzi la pakhonde ngati makamera a panja amadalira kuwala kwake.

Magetsi akamabwerera amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo pali ziphaliwali. Ikani surge protector pa soketi ya makina, ndipo wamagetsi wovomerezeka ayese ngati waya wa earth wa nyumbayo ukugwiradi ntchito, chifukwa popanda earth chotetezeracho chilibe kotayira mphamvu. Kamera yoikidwa pa pholo lachitsulo kapena pa nyumba ina yoyandikana ikhale ndi chotetezera chake pa waya, kumapeto onse awiri. Mphenzi ikagwa chapafupi, mphamvu imadzera pa waya wotere n'kuwotcha makina onse.

Chachisanu ndi chiwiri: mawaya ndi kobisa makina

Mavuto ambiri a makamera amachokera ku mawaya. Pamsika pali waya wa CCA, womwe ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa. Ndi wotchipa, koma umataya magetsi m'njira, umathyoka msanga ndipo umachita dzimbiri polumikizira. Chizindikiro chake n'chakuti kamera imagwira bwino masana koma imazimazima kukada, pamene infrared yayaka ndipo ikufuna magetsi ochuluka. Kuti mudziwe, palani kawaya kamodzi ndi mpeni. Kakaoneka koyera m'kati ndi CCA, ndipo mukabweze. Kopa weniweni amakhala wofiirira mpaka pakati.

Mawaya onse adutse m'mapaipi a PVC. M'siling'i makoswe amatafuna waya wapoyera, panja dzuwa limauumitsa, ndipo wakuba amaudula ndi pulayala. Asayende limodzi ndi mawaya a magetsi a 230V. Siyani mpata wa masentimita 30, ndipo podutsana apingasane. Pa makamera a analogi, mizere yoyendayenda pa chithunzi imasonyeza kuti waya wayandikana ndi wamagetsi kapena kamera yakhudzana ndi chitsulo cha denga, ndipo kuika kathabwa kapena kabokosi ka pulasitiki pakati kumathetsa vutoli nthawi zambiri. Polumikizira waya ndi kamera ya panja pakhale m'kabokosi kotseka, pobowola payang'ane pansi, ndipo waya uyambe watsika pang'ono usanalowe kuti madzi adonthere pansi. Selotepi yakuda yokha siidutsa dzinja limodzi.

Makina osunga kanema asakhale pakauntala pafupi ndi sikirini. Wakuba amatsata waya wa sikirini. Aikeni m'kabokosi kachitsulo kokhoma, komangiriridwa kukhoma ndi mabawuti, m'chipinda chomwe makasitomala ndi antchito ambiri salowa. Kabokosiko kakhale ndi mabowo opitira mpweya. M'siling'i pansi pa malata simoyenera, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kumapha disk. Sikirini ikhoza kukhala kutsogolo pa waya wautali wa HDMI wobisika m'paipi. Ngati makamera anu a IP ali ndi malo a memory card, ikani khadi m'kamera ya pakhomo ndi ya pakauntala, kuti NVR ikabedwa kanema wa masiku omaliza atsale.

Chachisanu ndi chitatu: foni, pasiwedi ndi ulemu wa anthu

Makina amajambula ngakhale popanda intaneti. Intaneti imafunika poonera pa foni basi, kudzera pa Hik-Connect ya Hikvision, DMSS ya Dahua kapena pulogalamu ya kampani yomwe mwagula. Rauta ya 4G yokhala ndi simu khadi imakwanira. Yesani netiweki pamalo penipeni pomwe rauta idzakhale musanasankhe kampani. Bandulo imathera pa kuonera. Chithunzi chopepuka cha 512 kbps chimadya 230MB pa ola pa kamera imodzi, pomwe chakuthwa cha 2 Mbps chimadya 900MB, ndipo zimenezi zimachoka ku rauta ya kusitolo komanso ku foni yanu ngati simuli pa Wi-Fi. Muzionera chopepuka, chakuthwa muzitsegula pakakhala chifukwa.

Akaunti ya pa foni itsegulidwe ndi imelo kapena nambala yanu, osati ya mmisiri. Makinawa amamangirizidwa ku akaunti imodzi, ndipo mmisiri akasamuka kapena mukasemphana, kuwamasula ndi ntchito yotopetsa, komanso iye amakhala akuonabe sitolo yanu. Pasiwedi ya admin muilembe nokha pa tsiku loika, yaitali, yosakaniza zilembo ndi manambala. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi ma DVR ochuluka padziko lonse pongoyesa mapasiwedi omwe zipangizo zimabwera nawo kuchokera kufakitale. Manijala mum'patse akaunti yakeyake yongoonera, yopanda mphamvu yofufuta kapena kusintha makonzedwe, ndipo akasiya ntchito muitseke tsiku lomwelo.

Pachikani chikwangwani pakhomo chodziwitsa kuti pali makamera, ndipo antchito auzidwe poyera, bwinonso polemba. M'chimbudzi, m'chipinda chosinthira zovala ndi poyesera zovala simuikidwa kamera. Ya panja isaloze m'bwalo la nyumba ya mnansi. Makamera ena amajambulanso mawu, ndipo ngati mulibe chifukwa chomveka, zimitsani. Ku Malawi lamulo la Data Protection Act la 2024 limateteza uthenga wokhudza anthu, MACRA ndiyo imayang'anira, ndipo chithunzi chomwe munthu akuzindikirika ndi uthenga wotere. Kanema wa woganiziridwa kuba apite kupolisi. Kumuponya pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp kungachititse kuti munthu wosalakwa amenyedwe ndi gulu, ndipo inu mukhoza kudzayankha mlandu.

Chachisanu ndi chinayi: kotesheni, kuyesa ndi kusamala

Tengani makotesheni atatu olembedwa. Iliyonse itchule nambala ya modelo ya kamera iliyonse ndi lenzi yake, modelo ya makina, mtundu ndi kukula kwa disk, mtundu wa waya ndi mamita ake, mapaipi, batire, ntchito ya mmisiri, ndi kutalika kwa waranti. Yongolemba kuti "4 channel full set" siikuuzani kanthu. Mmisiri yemwe akupereka mtengo asanafike pamalopo musamudalire. Funsani kuti chikawonongeka adzakonza ndani, ndipo pitani mukaone kanema wausiku pa malo ena omwe iye anaikapo. Gwirizanani kuti gawo lomaliza la malipiro lidzaperekedwa mukayesa.

Poyesa, itanani munthu yemwe mnzanu woonera sakumudziwa, avale kapusi, alowe pakhomo mwachangu masana, abwerezenso usiku. Imitsani kanema wosungidwa, osati wa pompopompo, muone ngati nkhope ikuzindikirika. Werengani ndalama pakauntala muone ngati zikusiyanitsika. Zimitsani main switch muone ngati makamera onse atsalabe oyaka, ndipo tsiku lina muwasiye pa batire mpaka lithe kuti mudziwe maola enieni. Onani tsiku ndi nthawi pa chithunzi. Zikhale pa GMT+2, ndipo ngati pali intaneti yatsani NTP kuti wotchi izidzikonza yokha. Kanema wa deti lolakwika amafooka kukhoti. Wotchi ikamabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse magetsi akazima, kabatire kakang'ono kozungulira ka m'kati mwa makina katha, musinthe.

Mmisiri asachoke musanaphunzire kukopera kanema pa fulashi ndi manja anu. Kopani mphindi zisanu, mukatsegule pa kompyuta ina. Makina ena amafuna kapulogalamu kawo kotsegulira, ndiye kakopereni pa fulashi yomweyo.

Sabata iliyonse tsegulani kanema wadzulo ndi wa tsiku lakale kwambiri lomwe lilipo. Disk ikafa, sikirini imapitiriza kuonetsa zithunzi ngati zonse zili bwino pomwe palibe chikusungidwa, choncho yatsani belu lochenjeza za vuto la disk ndipo likalira musangolizimitsa. Mwezi uliwonse pukutani malenzi ndi kansalu kofewa, chotsani ukonde wa akangaude, dulani nthambi zomwe zakula patsogolo, ndipo onani ngati mulu wa katundu kapena chikwangwani chatsopano sichinatseke kamera.

Tsiku lomwe kwachitika zakuba, musazimitse kapena kusuntha makina. Kopani kanema kuyambira ola limodzi zisanachitike mpaka ola limodzi zitachitika, kuchokera ku makamera onse, komanso wa masiku awiri kapena atatu am'mbuyo, poti akuba ambiri amayamba abwera ngati makasitomala kudzaona malo. Pangani mafulashi awiri, imodzi ya apolisi ina yanu, osadula kapena kukongoletsa kanthu. Lembani papepala dzina la amene wakopa, tsiku, nthawi, ndi mphindi zomwe wotchi ya makina ikusiyana ndi nthawi yeniyeni. Apolisi akafuna disk yeniyeniyo, akulembereni kalata yolandirira, ndipo inu muike disk ina tsiku lomwelo kuti sitolo isagone yopanda kujambula.